Kupaka wakisi galimoto imene penti yake yasuluka

Kodi wakisi angabwezeretse kuwala kwa penti yosuluka? Payekha ayi, amangoteteza. Penti yowonongeka ndi dzuwa imayenera kupalidwa kaye ndi compound, phala lokhakhala pang'ono lochotsera penti yakufa ya pamwamba.

1. Tsukani galimoto ndi sopo wa galimoto, muiumitse. Kamchenga kamodzi kotsalira kamakanda penti mukayamba kupukuta.
2. Yang'anitsitsani pamwamba pa denga ndi boneti. Ngati clear coat, vanishi woonekera amene amakuta penti pamwamba, ikusendeka ngati khungu, musavutike, pamenepo pakufunika penti yatsopano. Pomwe pali dzimbiri, konzani kaye.
3. Ngati penti yangoyera mbuu, pakani compound pang'ono pa siponji, pukutani kachigawo ka masentimita 50 nthawi imodzi. M'mphepete ndi m'makona musalimbikire, penti ndi yopyapyala, imatha msanga.
4. Pakani wakisi wochepa kwambiri, muli pamthunzi, galimoto itazizira. Padzuwa amaumiratu n'kuvuta kuchotsa, ndipo wambiri sawonjezera chitetezo.
5. Dikirani mphindi 5 mpaka 10. Pititsani chala pa wakisiyo: akachoka bwinobwino osamatirira, wauma. Pukutani ndi nsalu yofewa ya microfibre, muziitembenuza.

Musagunditse wakisi pa pulasitiki yakuda, amasiya madontho oyera ovuta kuchoka. Bwerezani pakatha miyezi iwiri kapena itatu.