Mmene ndimakonzera ufa wa phala la soya kuti usanunkhe

Mdzukulu wanga atakwanitsa miyezi 6, mayi ake, mpongozi wanga, anabwera kuchokera kusikelo ndi uthenga woti mwana ayambe phala losakaniza ndi soya. Anagula soya, anamuviika m'madzi usiku wonse ngati nyemba, n'kuyanika, n'kupita kuchigayo. Supuni yoyamba yomwe mwana analavula. Nditalawa ine, ndinaona kuti mwanayo sanalakwe. Phalalo linkanunkha uwisi, pakhosi n'kumakanda.

Cholakwika chinali chimodzi: soya wosaphika sayenera kukumana ndi madzi ozizira. Akanyowa, makamaka amene wasweka, mumadzuka kanthu kena m'katimo kamene kamabweretsa fungo lija, ndipo likalowa silichoka ngakhale muthire shuga wochuluka bwanji. Komanso soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino zakudya zomanga thupi, n'chifukwa chake ana ena amatupa m'mimba kapena kutsegula kumene. Zonse ziwirizi mankhwala ake ndi moto.

Ine soya ndimagula mu Epulo kapena Meyi, anthu akangokolola, mtengo usanakwere. Ndikapeza mpata ndimapita ku Mitundu, apo ayi msika wa kuno ku Kawale umakwanira. Mitundu ya soya ilipo ingapo, Tikolore, Makwacha, Nasoko, koma pa phala musavutike ndi maina. Tengani dzanja limodzi, yang'anani: akhale wouma gwa, wosabooka ndi anankafumbwe, wopanda madontho akuda.

Kunyumba yambani ndi lichero. Petani, sankhani timiyala ndi tizitsotso. Musatsuke. Tereketsani madzi ambiri m'poto wamkulu mpaka abwate kwenikweni, kenaka muzithira soya pang'onopang'ono, dzanja limodzi limodzi, kuti madzi asasiye kubwata. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mukakhuthula ndowa yonse kamodzi madzi amazizira, ndiye mwabwerera kuja kwa mpongozi wanga. Soya yense akalowa, werengani mphindi 25 kapena 30. Pambaula muonjezeretu makala musanayambe.

Mukaphula, khetsani madzi otenthawo. Tsopano madzi ozizira alibenso vuto. Thirani m'beseni, fikisani ndi manja, makoko amasupuka okha n'kuyandama pamwamba, inu n'kumangowataya. Si onse amachoka ayi, ndipo ine sinditaya nthawi kusakasaka otsalawo. Yanikani pamkeka kapena pathumba loyera, padzuwa, masiku awiri kapena atatu. Mu Juni, kukachita mitambo ija, amatha kutenga masiku anayi. Lumani kambewu kamodzi: kakalira kuti thwa, wauma. Nkhuku za aneba muziyang'anire, zanga zinandiphunzitsa kale.

Ena amangokazinga osawiritsa. Zimatheka, koma pachiwaya soya amakonda kupserera kunja m'kati muli mwauwisi. Ine ndimawiritsa kaye, akauma ndimakazinga pang'ono pamoto wochepa mpaka atayamba kufiirira ndi kununkhira ngati mtedza. Fungo limenelo ndi limene limamukoka mwana.

Muyeso wake ndi wosavuta: chimanga makapu 4, soya kapu 1. Ndi muyeso womwewo wa Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku chipatala cha mishoni cha Likuni konkuno ku Lilongwe. Chimanga chikhale chosakonola, cha mgaiwa, chifukwa ufa woyera wataya zambiri ndi madeya. Kusakanizako kuli ndi chifukwa chake. Pa magalamu 100 a soya wouma, pafupifupi 36 ndi zomanga thupi, pamene chimanga sichifika ngakhale 10. Ndiponso zomanga thupi za m'chimanga n'zoperewera mbali ina imene soya ndi nyemba zili nayo yambiri, ndiye zikakumana zimakwaniritsana. Makolo athu podya nsima ya nyemba kapena ya nandolo ankachita zomwezi osadziwa dzina lake.

Kuchigayo uzani wogayitsa kuti ndi ufa wa mwana, aike sefa yosalala. Mtedza sindigayitsira limodzi. Mafuta ake amaononga ufa msanga, pakatha masabata awiri wayamba kale kununkha. Nsinjiro ndimasinja zochepa, za masiku atatu, n'kumathira pophika.

Pa mtedza ndiimepo pang'ono. Wofota, wosweka, wakuda kapena wachuku, tayani, ndipo musapatse nkhuku. Chuku chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Nsinjiro zogula zosinjasinja kale ndinasiya, chifukwa sungadziwe mtedza umene unalowamo. Ndibwino kugula mtedza wa mtundu wa CG7 wosasenda, kusenda wekha, n'kusankha ndi maso ako.

Phala likhale lolimbirapo, loti mukapendeketsa supuni lisamayenderere ngati thobwa. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, mukadzaza madzi mwamunamiza. Libwate mphindi 15 kapena kuposerapo, muthire supuni ya nsinjiro, ndipo ngati nsinjiro palibe, kasupuni ka mafuta ophikira.

Tsopano za chammwamba, poti masiku ano aliyense akuchitama. Ndili ndi mtengo umodzi kuseri kwa bafa. Masamba ndimathyola m'mawa, kutsuka, kuyanika pamthunzi m'nyumba, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limawayeretsa n'kuononga vitamini A. Akauma ndimasinja, kusefa, n'kusunga m'botolo lotseka bwino. Kasupuni kamodzi kakang'ono m'phala, litatsala pang'ono kupsa, n'kokwanira. Mukachulutsa limawawa, mwana n'kudana nalo phala lonse. Koma ndinene mosabisa: chammwamba ndi ndiwo zabwino basi. Amene amayenda m'maminibasi n'kumati chimachiza shuga, BP ndi zonse, akufuna ndalama zanu. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP asasiye chifukwa cha ufa wobiriwira. Mizu ndi makungwa ake sindipatsa mwana kapena mayi woyembekezera.

Soya ndi nyemba zili ndi ayironi wothandiza magazi, koma thupi limamutenga bwino pakakhala chipatso chowawasa pambali. Nyengo ya mango ndi mango, ikatha ndi gwafa, lalanje kapena madzi a malambe. Tiyi ndiye amatchinga, choncho musamwetse mwana tiyi pa nthawi ya phala.

Ufa ndimagayitsa wa mwezi umodzi wokha. Ukachoka kuchigayo umakhala wotentha, ndiye ndimauyala kaye pansalu kuti uzizire ndisanautsekere m'ndowa, apo ayi umachita thukuta n'kuumbana. Ndowayo imakhala pampando, osati pasimenti, ndipo pachivundikiro ndimalembapo tsiku logayitsa ndi makala.