Mafoko a Yamaha pa Honda yanga

Mwezi watha ndinagwera m'dzenje pa msewu wopita ku Vubwi, mafoko (mapaipi awiri ogwira wilo yakutsogolo) a njinga yanga yamoto ya Honda XL125 n'kupindika. Mafuta ankatayikira pa masilo (timphira totsekera mafuta m'mafoko), njinga ikukokera kumanzere. Atsopano sindinawapeze mu Chipata, koma mnzanga wa ku Kapata anali ndi Yamaha yakale yakufa injini, kutsogolo kwake kuli bwinobwino.

Poyamba ndinkafuna kungosolola mapaipi ake n'kuwalowetsa m'zomangira za Honda, zitsulo ziwiri zopana mafoko ku khosi la njinga. Nditayeza, makulidwe ake sanafanane. Chonde musapale chomangira kapena kupanikizamo kachitini kuti paipi igwire, chifukwa ikasololoka muli paliwiro mwapita. Ndinangotenga zonse pamodzi: mafoko, zomangira ziwiri, ekiselo, wilo ndi buleki yake.

Chomwe chinandidyera masiku awiri ndi chitsulo chodutsa m'khosi mwa felemu. Cha Yamaha chinali chachitali pang'ono, moti nati imathera ulusi isanapane ma bearing, kutsogolo kukugwedera. Bambo wina wosula zitsulo anandidulira kamphete kochindikala bwino koika pamwamba, ndinaikanso ma bearing atsopano ndi girisi wambiri. Akalewo anali atakumbika kale.

Nditakwera, njinga inkaoneka yodzuka kutsogolo ndipo pa kona inkachedwa kukhota. Mafokowo ndi aatali kuposa akale. Ndinamasula zomangira n'kukweza mapaipi m'zomangiramo masentimita 2 kuti kutsogolo kutsike, mbali zonse mofanana, kenako ndinayang'ana kuti chiwongolero sichikugunda thanki komanso waya wa buleki sakukokeka foko ikatambasuka. Dzulo ndafika ku Chadiza n'kubwerera, ikuyenda mowongoka.