Mwana akabwera ndi chipolopolo kusukulu: chochita aphunzitsi, makolo ndi mafumu

Mbendera imene ana amaimirira pansi pake m'mawa uliwonse ku Ulongwe, Furancungo, Zóbuè kapena Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ili ndi buku, khasu ndi mfuti ya AK. Mwana wa kalasi yachitatu amaiona mfutiyo tsiku ndi tsiku, koma sadziwa kuti kachitsulo kamene watola m'mphepete mwa dimba kangamudule zala. Agogo ake ankadziwa. Makolo ake akudziwa mopitirira, n'chifukwa chake ambiri safuna n'kuzitchula komwe. Malangizo awa ndi a aphunzitsi, a komiti ya sukulu (Conselho de Escola), makolo ndi mafumu, ndipo mutu wake ndi umodzi: chida chikapezeka m'manja mwa mwana muchite chiyani, ndipo mumulange bwanji kuti mawa mnzake asadzabise.

Chifukwa chake akuluakulu sitimvana pa nkhaniyi

Pamsonkhano wa makolo pamakhala mibadwo itatu, ndipo uliwonse ukamva mawu oti mfuti umaona chinthu china.

Amene anaphunzira nthawi ya Apwitikizi amakumbukira palmatória, thabwa lozungulira lokhala ndi chigwiriro ndi mabowo, lomwe linkatupitsa zikhatho. Kwa iwo mwambo ndi umenewo. Mfuti imene ankaidziwa m'mudzi inali gogodela ya mlenje, yothira wonga kukamwa. Inali ndi mwini wodziwika, ndipo mwana sankayerekeza kuikhudza.

Kenaka nkhondo inalowa. Frelimo inatsegula nkhondo ya ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo Apwitikizi anakwirira mabomba kuzungulira damu la Cahora Bassa. Ufulu utabwera mu 1975 panadzanso nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Sukulu zambiri zinapsa, zina zinasanduka misasa ya asilikali, ndipo ana ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakaphunzirira ku Dedza ndi Ntcheu. Mfuti inasiya kukhala ya mlenje. Nkhondo itatha zida zambiri zinakwiriridwa m'maenje, m'mapanga ndi pansi pa nkhokwe. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mu Sepitembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa. Mawu oti odziwika muwasunge. Chilengezocho sichinanene kuti chipolopolo chilichonse kapena bomba lililonse lomwe linagwa osaphulika latoledwa, ndipo mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso cha ku Nkondezi, anthu n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza.

Mwana wa lero mfuti amaidziwira pa foni ndi pa zidole zapulasitiki za pamsika. Alibe mantha a makolo ake, alibenso mwambo wa agogo ake. Chimene chingamupulumutse n'chakuti anene msanga zimene waona, ndipo mwana amene akudziwa kuti chikwapu chikumudikira sanena.

Yambani mwadziwa kuti m'manjamo muli chiyani

Chipolopolo cha AK n'chachitali ngati chala, pafupifupi masentimita 6. Chikakhala chopanda mutu, m'kati muli mbee, n'chigoba chabe, chija ana amaimbira likhweru. Chikakhala ndi mutu n'chamoyo, ngakhale chitachita dzimbiri, ngakhale pansi pake pataoneka kuti panamenyedwapo kale. Ana amavulala nacho m'njira ziwiri: kuchikhoma ndi msomali kapena mwala, ndi kuchiponya pamoto kuti amve kulira. Chigoba chimang'ambika, tizidutswa n'kulowa m'maso ndi m'manja.

China chilichonse chonenepa kuposa chala chachikulu muchitenge ngati bomba. Bomba la m'manja limafanana ndi peyala laling'ono, lina losalala, lina la mizeremizere, lili ndi mphete ndi kachitsulo kotsikira m'mbali. La motala, mfuti yaikulu yoponya mabomba m'mwamba, lili ngati botolo lokhala ndi zipsepse kumchira. Lokwirira lopondedwa ndi munthu nthawi zambiri n'lozungulira ngati chitini chafulati, pamwamba pali labala wakuda, ndipo kulemera kwa mwana n'kokwanira kuliphulitsa. Palinso kachubu kowonda ngati pensulo yotsala pang'ono kutha, ka aluminiyamu kapena mkuwa, nthawi zina kali ndi mawaya awiri. Ameneyo ndi woyatsira mabomba a m'migodi ndi m'makwale, ndipo sachedwa kuphulika kuposa zonsezi. A ku Moatize ndi kufupi ndi kophwanya miyala mukadziwe bwino.

Likakhala bomba

Musakuwe, musathamangire mwanayo. Wodzidzimuka amaponya chimene wagwira. Lankhulani motsitsa: "Mwanawe, ima pomwepo. Sunalakwe. Chiike pansi pang'onopang'ono, ngati dzira." Achiike pamene waimapo, osati kupita nacho panja, osati kukupatsirani. Pali nthawi imodzi yokha imene sayenera kutsegula dzanja: ngati ndi bomba la m'manja, mphete yachoka kale, ndipo iye wakanikiza kachitsulo ka m'mbali. Kachitsuloko kakangomasuka patsala masekondi atatu kapena anayi. Zikatero asasunthe chala, ena onse atuluke, wamkulu mmodzi azimulankhula mpaka apolisi afike.

Tulutsani ana mwakachetechete, zikwama zisiyidwe. Musaimbe belu. Ana anazolowera kuti chitsulo chikalira amathamangira pabwalo la mbendera, ndiye mungawasonkhanitse pafupi ndi ngozi. Tumani aphunzitsi kalasi ndi kalasi. Onse apite mamita 300, amene ndi masitepe pafupifupi 400 a munthu wamkulu, ndipo akhale kuseri kwa khoma, chulu kapena chitunda, kutali ndi mawindo. Tizidutswa ta bomba la m'manja lija la mizeremizere timatha kufika mamita 200. Panjira iliyonse yolowera kusukulu paime munthu wamkulu, chifukwa mbiri ikamveka m'mudzi anthu amabwera kudzaonerera.

Mukafika kutaliko imbani foni kwa apolisi a PRM, kenaka kwa amfumu ndi ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, SDEJT. Apolisi muwauze maonekedwe, mtundu, kutalika kwake poyerekeza ndi botolo, ndi pamene chili.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri n'zochokera mumtima wabwino. Wina amaliponya m'chimbudzi, m'chitsime kapena mumtsinje kuti lichoke pamaso. Mankhwala a m'kati saola, ndiye lidzapeza wokumba kapena wosamba zaka zikubwerazo. Wina amalisunga mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu podikira galimoto. Winanso amaitana bambo amene anakhalapo msilikali kuti alimasule. Bamboyo akhoza kulidziwa dzina, koma analidziwa lili latsopano. Dzimbiri la zaka 30 limadya zotsekera za m'kati, kotero kuti kugwedeza pang'ono n'kokwanira.

Funsani mwanayo kumene anachipeza, koma asakutengereni komweko. Ajambule pansi ndi kamtengo: mtengo uti, mwala uti, munda wa yani. Pamene papezeka chimodzi nthawi zambiri pali zina. Amfumu aletse abusa a ng'ombe, otola nkhuni ndi olima kufika kumeneko, ndipo chizindikiro cha timitengo topingasa kapena nsalu yofiira chiikidwe panjira, patali, osati pamalo penipenipo.

Zikakhala zipolopolo kapena mfuti

Zipolopolo zing'onozing'ono mwana aziike patebulo. Ziwerengeni pamaso pa mboni ziwiri, mulembe chiwerengero, tsiku ndi ola, muzikulunge m'nsalu n'kuika m'katoni kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo zifike kupolisi tsiku lomwelo. Funsani modekha ngati anagawirako anzake. Kawirikawiri anagawa.

Mfuti musailande ndi manja, ndipo pasaime munthu kutsogolo kwa kamwa yake. Aiike pansi italoza kukhoma lopanda anthu kuseri, chala chili kutali ndi chowombera. Musayese kuchotsa zipolopolo. Magazini ya AK, kabokosi kosungira zipolopolo, imanyamula 30, koma ngakhale mutaichotsa, chimodzi chimatha kutsalira m'kati, ndipo ndi chimenecho chimapha anthu amene ankati mfuti ilibe kanthu. Tsekani chipinda, muike mlonda, mudikire apolisi. Wophunzira akakhala kuti akuopseza nayo anthu, si nthawi yoonetsa ukulu wanu. Chotsani ana, imbani foni.

Wina akavulala, kanikizani balalo mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya. Magazi akamathovoka pamkono kapena mwendo, mangani mothinitsa pamwamba pa bala ndipo mulembe ola. Chitsulo cholowa m'thupi kapena m'diso musachizule. Thamangirani kuchipatala chapafupi, iwo ndi amene angatumize ku Ulongwe kapena ku Tete.

Chilango chake

Apa m'pamene agogo amati, "Mukwapuleni aone." Timawamvetsa, chifukwa akunena ndi mantha a chinthu chimene anachiona ndi maso. Koma taganizani ana 60 amene akuonerera. Chimene aphunzire n'chakuti wobweretsa chinthu poyera amamenyedwa. Chotsatira adzachibisa kudenga la khitchini, pamwamba pa moto. Komanso unduna wa maphunziro umaletsa aphunzitsi kumenya ana, ndipo lamulo la 7/2008 limateteza mwana ku nkhanza.

Siyanitsani milandu itatu. Amene watola n'kunena, ngakhale analakwitsa ponyamula, ayamikiridwe pamzere wa m'mawa, ndipo pomwepo ana auzidwe kuti ulendo wina asanyamule, angonena. Amene anabisa, kuseweretsa kapena kugulitsa kwa anzake, mlandu wake ukambidwe pasanathe masiku awiri, pali mphunzitsi wa kalasi yake, mmodzi wa Conselho de Escola ndi mwini mwana. Itanani munthu amene mawu ake amamveka pabanjapo: kwa Achewa a ku Macanga ndi Chifunde nthawi zambiri ndi malume, kwa Angoni ambiri ndi bambo. Chenjezo lilembedwe ndi kusainidwa, ndipo mwanayo apatsidwe ntchito yogwirizana ndi cholakwacho, monga kujambula zikwangwani za chenjezo ndi kukazifotokoza m'makalasi a ang'onoang'ono.

Chilango chakale chokumbitsa dzenje kapena kuzulitsa chitsa kuthengo la kuseri kwa sukulu chisiyeni. Kumeneko n'kupatsa mwana khasu kuti akakumbe nthaka imene palibe akudziwa zomwe inameza. Kumuchotsa sukulu nakonso sikuthandiza. Lamulo la 18/2018 limati mwana aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo wochotsedwa amabwerera kubusa, kuthengo komwe anatola chija.

Wachitatu ndi amene anabweretsa chida kuti aopseze munthu. Ameneyo asabwerere m'kalasi mpaka nkhani itafika kupolisi, ku ofesi yoona za mabanja ndi ana. Funsaninso chimene chinamufikitsa pamenepo, chifukwa kawirikawiri pamakhala kumenyedwa panjira kapena kunyumba. Nambala ya foni yothandiza ana, 116, Linha Fala Criança, ndi yaulere. Mwana wosakwana zaka 16 saweruzidwa ngati wamkulu, koma mwini mfuti ayenera kuyankha, pakuti kusunga mfuti popanda chilolezo n'kulakwira lamulo. Kholo likaulula kuti pakhomo pali chida chokwiriridwa kuyambira nthawi ya nkhondo, lisachifukule lokha. Lipite kupolisi limodzi ndi amfumu kapena mtsogoleri wa mpingo, ndipo inu musalonjeze kuti sakafunsidwa mafunso.

Legeni ndi kampeni kosendera nzimbe musazisandutse mlandu wa mfuti. Zisungidwe ku ofesi, zibwezedwe poweruka. Mfuti yapulasitiki ibwezedwe kwa kholo, chifukwa munthu ali patali sangaisiyanitse ndi yeniyeni.

Phunziro la kawiri pachaka

Liphunzitseni mu Febuluwale, pamene mvula ikukokolola nthaka n'kuvundukula zokwiririka m'makwawa, ndiponso mu Ogasiti, ana asanayambe kutentha tchire ndi kukumba mbewa. Mphindi 30 n'zokwanira, m'Chinyanja, ngakhale pasukulu yophunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Gwiritsani ntchito zithunzi. Musabweretse chida chenicheni ngakhale chimene akuti n'chakufa, chifukwa mwana akaona mphunzitsi wachigwira amaphunzira kuti chimagwirika. Mawu oti aloweze ndi atatu: osakhudza, bwerera m'mapazi ako, kanene. Awayeseze pabwalo, mmodzi akuyenda, wina akuloza mwala woimira bomba.

Tchulaninso za ogula zitsulo zakale, chifukwa ndalama ya kilogalamu ndi imene imanyamulitsa anyamata zinthu zoti akanazilambalala. Mukaitana gogo amene anaona nkhondo, mupempheni asakambe za kuwombera. Akambe za malo: pamene panali msasa wa asilikali, mlatho umene unkalonderedwa, chitsime chimene anthu anachisiya. Malo amenewo alembedwe papepala limodzi ndi nambala za apolisi, amfumu ndi chipatala, pepalalo likhomedwe pakhoma la ofesi pamene mphunzitsi watsopano angalione tsiku lake loyamba.