Timu ya sukulu ikagwa, yambirani ku Fomu 1

Aphunzitsi anzanga, ngati anyamata a Fomu 4 alemba MSCE nkupita ndipo timu yatsala yofooka, chaka chino musathamangire chikho ayi. Tengani ana a Fomu 1 ndi 2, amenewo mukhala nawo nthawi yaitali. Kuno ku Dedza kumazizira kwambiri, ndiye aziyamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 15 thupi litenthe, kenako azisewera 5 kwa 5 pamalo ochepa kuti aliyense azigunda mpira pafupipafupi, osati 11 kwa 11 pomwe ena amangoima. Goloboyi muzimupatsa nthawi yakeyake, ine ndinkamuiwala ndipo tinkamwa zigoli zowawa. Mukagonja musawakalipire pagulu, mwana amene walira mukambe naye payekha mawa lake. Loweruka lina apititseni akaonere Dedza Dynamos.