Musamwetse albendazole mbuzi zimene zangotenga bere

Mvula itangoyamba, alimi ambiri m'dera limene ndimagwira ntchito anamwetsa mbuzi zawo mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo zimenezo ndinaziyamikira. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri anagula albendazole n'kumwetsa khola lonse tsiku limodzi, osapatula mikota imene inali itangokweredwa kumene. Bere la mbuzi limatenga miyezi isanu, choncho zotsatira zake zayamba kuoneka tsopano.

Chenjezo la pabotolo la albendazole loletsa kumwetsa ziweto zimene zangotenga bere silinalembedwe mwamwambo chabe. Akatswiri atayesa mankhwalawa pa makoswe ndi akalulu a bere laling'ono, ana ena anafera m'mimba, ena anabadwa ndi mafupa opindika. Mankhwala ena a gulu lomweli otchedwa benomyl, omwe ndi opopera mbewu, anachititsa makoswe kubereka ana odzaza madzi m'mutu, ena opanda maso. Zimatero chifukwa mankhwala a gululi amapha njoka posokoneza kagawikanidwe ndi kagwiridwe ntchito ka maselo, pamene m'masabata oyambirira a bere ubongo, msana ndi miyendo ya mwana zimakhala zikuumbika ndi maselo amene akugawikana mofulumira kwambiri. Chikalakwika pa nthawi imeneyo sichikonzekanso, ngakhale mayi wake adye msipu wabwino motani. N'chifukwa chake opanga amaletsa albendazole m'masiku 30 oyambirira a bere la mbuzi ndi nkhosa, ndi masiku 45 kwa ng'ombe.

Bambo wina anandiitana kukaona kamwana ka mbuzi kamene kanabadwa miyendo yakutsogolo itapindikira m'kati, kosatha kuimirira kuti kayamwe. Mikota yake ina iwiri sinabereke n'komwe. "Alangizi, pakhomo pano pali munthu akundichita chipongwe," anatero. Nditafunsa muyeso umene anamwetsa, anandionetsa chitsekerero cha botolo la zakumwa, n'kunena kuti anawonjezerako pang'ono kuti njoka zifedi. Chizolowezi choyeza mankhwala ndi maso chimenechi chanditopetsa, chifukwa takhala tikuchiletsa pamisonkhano chaka ndi chaka, ndipo bamboyu wataya ana a chaka chathunthu pamodzi ndi ndalama za feteleza zimene ankayembekezera.

Mwetsani mikota tonde asanayambe kukwera. Ngati tonde amagona khola limodzi ndi zazikazi, mkota uliwonse muuyese wabere, ndipo funsani alangizi a ziweto mankhwala ena monga fenbendazole. Muyeso uzitsatira kulemera kwa mbuzi, ndipo muziyeza ndi sirinji.