Kukajambulitsa mimba koyamba uli kunja: zimene ukapeze m'chipindamo

Foni inalira usiku wa Lamulungu, kuno ku Chinamwali magetsi atathima. Anali mwana wa achimwene anga amene ali ku Leeds ku England, ndipo amayankhula motsitsa ngati makoma ali ndi makutu. "Azakhali, ndadumphitsa miyezi iwiri. Kuchipatala anditumizira kalata yoti ndikajambulitse, koma mimba yake sinayambe n'kuoneka komwe. Ndidikire kaye?" Ndinamuuza kuti iwe mwana, tsiku limenelo usaliphonye, ngakhale abwana akane bwanji kukupatsa ofu.

Uzamba ndaugwira zaka zambiri kuno ku Zomba, ndiye mafoni otere sasowa: wina ku Joni, wina ku Cape Town, wina ku Dublin. Funso limakhala lomwelo, ndipo gwero lake ndimalidziwa. Kwathu kuno mimba yaing'ono saiulula. Mayi amangokweza chitenje, n'kudzayamba sikelo mwana atayamba kale kugunda. Akuluakulu ali ndi zifukwa zawo: kuopa anthu a mtima woipa, kudikira kuti wachisamba alangidwe kaye, kapena litiwo kwa anzathu achiyao. Sindikunyoza zimenezo. Bisirani aneba, bisirani a kwaya, bisirani ndi gulu la WhatsApp la kumudzi lomwe. Koma achipatala musawabisire, chifukwa pali zinthu zimene makina amaziona bwino mimba ili yaing'ono basi, ndipo masabatawo akadutsa sabwerera.

Choyamba kuzolowera ndi kawerengedwe. Kunjako sawerenga miyezi ngati ife, amawerenga masabata, ndipo amayambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza. Kuchokera pamenepo mimba yonse ndi masabata 40, kapena kuti masiku 280. Ndiye tsiku limene mwazindikira kuti mwezi uno simunaone, iwo amati muli kale ndi masabata 4. Tsiku la msambo womalizalo lilembeni mu foni, chifukwa aliyense amene mukakumane naye akakufunsani.

Ku England amafuna kuti muonane ndi mzamba masabata 10 asanakwane, ndipo m'zipatala zambiri mumadzilembetsa nokha pa intaneti osadzera kwa GP, dokotala wanu wa m'dera. Kujambula koyamba, kumene pakalata amalemba kuti dating scan, kumakhala pakati pa masabata 11 ndi 14, kwachiwiri pakati pa 18 ndi 21. Ku South Africa mumayambira pa kiliniki ya m'dera lanu, ndipo ku zipatala za boma kujambula kumatha kubwera mochedwerapo ngati palibe vuto, n'chifukwa chake ena amalipira kwa dokotala wapulaiveti. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2016 linalangiza kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, komanso aonane ndi achipatala maulendo 8.

Amene akuopa za mapepala ndi ndalama amve izi. Mu 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera. Ku England mayi woyembekezera sabwezedwa chifukwa chosowa ndalama, ngakhale kuti ena bilu imawatsata pambuyo malinga ndi viza yawo.

Makinawo si ekisire. Amatumiza mawu amene khutu silingamve, mawuwo akagunda m'kati n'kubwerera, kompyuta imapanga chithunzi. Dokotala wina wa ku Glasgow, Ian Donald, ndi anzake analemba za njirayi mu 1958, ndipo kuyambira apo amayi osawerengeka ajambulidwa. Zoti amaotcha mwana kapena kumaliza magazi, zimene ndazimvapo pa mzere wa sikelo, n'zabodza.

Werengani kalata yanu bwinobwino, chifukwa zipatala zina zimafuna kuti mufike mkodzo utadzaza. Chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira chiberekero poonekera. Imwani madzi makapu awiri kapena atatu ola limodzi nthawi isanakwane, osati kumwa chigubu chonse mpaka kulephera kukhala pampando. Valani siketi kapena thalauza ndi bulauzi, osati diresi loti mukachite kulikwinya mpaka m'khosi. Ine ndimati chitenje chikhale m'chikwama, chimathandiza. Nthawi zambiri amalola munthu wamkulu mmodzi kulowa nanu, koma ana ambiri amawakana, ndiye wosiyira mwana mupezeretu.

M'chipindamo mumakhala kamdima kuti sikirini izioneka. Mugona chagada, akupakani mafuta oterera ozizira pamimba, kenako ayendetsa kachipangizo pamwamba pa chinena. Nthawi zina amadinikiza ndithu, ndipo ndi mkodzo wodzazawo simumva bwino, koma si zopweteka. Zonse zimatenga mphindi pafupifupi 20. Mwana akagona mokhota angakuuzeni kuti mutsokomole, mutembenuke, kapena mukayende pang'ono panja.

Chimene chimaopsa anthu ambiri ndi chete. Wojambulayo amatha kukhala duu mphindi zingapo, maso ali pa sikirini, akungodina mabatani. Ife tinazolowera namwino amene amakugwira pamimba akukufunsa za kumudzi ndi za mvula, ndiye munthu akangokhala phee timati kwagwa zovuta. Ayi, akuyeza, ndipo zimene akuyezazo n'za mamilimita. Mtima ukakana kupirira, mufunseni kuti azikuuzani zimene akuona.

Akufuna kudziwa ngati mimba yakhala m'chiberekero, ngati mtima ukugunda, ndiponso ngati mwana ali mmodzi. Akakhala mapasa amayang'ana ngati akudyera nsengwa imodzi kapena aliyense ali ndi yake, chifukwa a nsengwa imodzi amafuna kuonedwa pafupipafupi, ndipo zimenezi zimaoneka bwino nthawi imeneyi. Kenako amayeza kuchokera pamutu mpaka kumatako. Pa masabata 12 mwana amakhala masentimita 5 kapena 6, ngati bokosi la machesi, koma manja ndi miyendo zilipo kale ndipo amatha kudumpha inu osamva kanthu. Muyezo umenewu ndi umene umapereka tsiku loyembekezera kuchira, ndipo m'masabata oyambawa umalondola kwambiri, kuphonya kwake sikupitirira sabata. Mimba ikakula ana amasiyana kakulidwe, ndiye kuwerenga kumayamba kusokonekera. Tsiku limene anakupatsani poyamba likasintha ndi masiku angapo, musadabwe.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani iyi yagwedezapo mabanja. Bambo wafika kuchokera ku Malawi masabata 10 apitawo, pepala likuti mimba ili ndi masabata 12. Bambo uja awerenga zala, nkhope yasintha, madzulo foni yapita kale kwa ankhoswe ku Jali. Achimwene, khalani pansi. Masabata awiri oyambawo mimba kunalibe. Paja kuwerenga kumayambira pa msambo, pamene dzira limakhwima patapita masabata awiri, kwa mayi amene masiku ake amayenda bwino. Makina nawo amatsata kawerengedwe komweko. Pepala likati 12, mwanayo analowa masabata pafupifupi 10 apitawo, ndipo pamwamba pake pali masiku angapo amene muyezo ungaphonye. Ngati mukukayika, funsani wojambulayo pomwepo akufotokozereni, musanayambe kutumiza mavoisi kumudzi.

Pali kujambula kwina kumene anthu sauzana, ndiye munthu amadzidzimuka. Mimba ikakhala yaing'ono kwambiri, kapena chiberekero chikapendekera kumbuyo, kapena pakakhala zotupa za m'chiberekero zimene zimachuluka mwa ife amayi achikuda, pamimba sipaoneka bwino. Zikatero amapempha kujambulira kunjira ya abambo. Mukataya kaye madzi, mukavula kumunsi kuseri kwa katani, akufunditsani nsalu. Kachipangizo kake n'kowonda, amakaveka mpira watsopano n'kukapaka mafuta, ndipo kamalowa pang'ono chabe. Sikafika kwa mwana ndipo sikachotsa mimba. Muli ndi ufulu wopempha kuti akujambuleni mzimayi, kuti m'chipindamo mukhale munthu wina wachipatala, kapena kunena kuti aime nthawi ina iliyonse. Mungathenso kukana, koma ngati akukayikira kuti mimba yakhala malo olakwika, ine ndingakuuzeni kuti lolani.

Amene amajambulidwa msanga, pa masabata 5 kapena 6, kawirikawiri ndi amene akutaya magazi, akumva ululu, kapena anapitapo padera. Ku UK malo ake amawatchula Early Pregnancy Unit. Pa masabata 5 chimene chimaoneka ndi kathumba kakuda basi. Mtima umayamba kuoneka cha m'ma 6, kuphethira ngati kanyali. Ndiye akakuuzani kuti sakuona bwino, mubwerenso pakatha sabata imodzi kapena awiri, sikuti akubisirani maliro. Mwina masiku munawerenga molakwika, ndipo iwo safuna kulengeza chinthu asanatsimikize. Akapanda kuona kathumba komwe, amatenga magazi kawiri motalikitsa maola 48 kuti aone mmene mimba ikuyendera. Masiku odikirawo ndi aatali zedi, ndipo musawasenze nokha. Uzaniko munthu mmodzi wosunga chinsinsi.

Nthawi zina uthenga umakhala woipadi. A NHS, amene amayendetsa zipatala za boma ku UK, amati pa mimba 8 zilizonse zodziwika, pafupifupi imodzi imapita padera, zambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Si shifiti ya usiku ija munagwira, si nkhalamba ija munaidzutsa pabedi kuntchito, si tsempho. Akufotokozerani njira zitatu: kudikira kuti thupi lichotse lokha, kulandira mankhwala, kapena kuyeretsedwa m'chiberekero. Ngati simukutaya magazi ambiri, sakukakamizani kusankha tsiku lomwelo.

Koma pali zizindikiro zimene sadikira nazo kalata. Ululu wa mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi, chizungulire kapena kukomoka, ndi kupweteka pansonga pa phewa. Chomalizachi anthu amachiseka, nanga phewa ndi mimba zikugwirizana pati? Magazi akamatayikira m'mimba ululu wake umamvekera kumeneko. Zimachitika mimba ikamera mu kanjira ka dzira m'malo mwa m'chiberekero, ndipo ku UK amati zimagwera mimba imodzi pa 90 zilizonse. Kanjirako kakaphulika munthu angathe kumwalira m'maola ochepa. Imbani 999 ku UK, 112 kapena 999 ku Ireland, 10177 kapena 112 ku South Africa. Ndipo ngati mwabwera kumudzi posachedwa, mwagona ku Kachulu kapena ku Domasi, ndiye thupi latentha, nenani msanga kuti mwachokera kudziko la malungo. Dokotala wa ku Leeds malungo sakhala oyamba kumubwerera m'mutu.

Pa kujambula kwa masabata 11 mpaka 14 akufunsaninso ngati mukufuna kuyezetsa za Down's syndrome ndi matenda ena awiri obadwa nawo, Edwards ndi Patau. Amayeza timadzi ta kuseri kwa khosi la mwana, n'kuphatikiza ndi zotsatira za magazi anu ndi zaka zanu. Yankho lake silinena kuti mwana ali ndi vuto kapena alibe, limangopereka mwayi wake. Ku England, kuyambira 1 pa 150 kupita ku nambala zazing'ono, ngati 1 pa 100, amati mwayi ndi waukulu, ndipo amakupatsani kuyeza kwina kozama. Ganizirani izi: 1 pa 100 ndiye kuti ana 99 alibe vutolo. Kuyezetsaku n'kosakakamiza. Kambiranani kunyumba musanapite, kuti musakayambe kuyang'anana pamaso pa mzamba. Za sickle cell zokha, matenda a magazi otengera kwa makolo, ndimalimbikitsa aliyense wa kwathu kuno kuti ayezetse, bambo yemwe. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu, tengani mabotolo ake akaone, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala la kuno ngati munapita nalo, makamaka amene munachirapo ndi opaleshoni. Mapiritsi a folic acid pitirizani kumwa mpaka masabata 12.

Chingerezi cha kuchipatala si cha kuntchito, ndipo munthu ukachita mantha ngakhale chimene umachidziwa chimathawa. Ku NHS womasulira ndi waulere mukapempheratu. Nenani Chichewa, akapanda kuchipeza nenani Nyanja. Ena amaopa kuti womasulirayo akhala wa kutchalitchi kwawo, poti Amalawi m'tauni imodzi timadziwana tonse. Pemphani wa pafoni.

Zoti ndi mwamuna kapena mkazi, pa masabata 12 musavutitse nazo wojambula. Zimenezo n'za ulendo wachiwiri, ndiponso mwana akalola kuonetsa. Chithunzi zipatala zina amagulitsa ndi kandalama kochepa. Kapepala kake kamada kakamva kutentha, ndiye musakakamatitse mu pulasitiki pa makina aja, mungotsala ndi chikuda bii. Kajambuleni ndi foni tsiku lomwelo.

Mwana wa achimwene uja anapita. Tsiku lake analisuntha ndi masiku 5, mwana mmodzi, mtima ukugunda. Chithunzi chinandipeza ndili pa Mpondabwino ndikugula matemba, ndipo pansi pake analemba kuti, "Azakhali, amayi musawauze kaye, ndiwauza ndekha ndikadutsa sikani yachiwiri." Mayi akewo ndimakhala nawo benchi imodzi ku mvano Lachinayi lililonse.