Momwe mungamvetsere zotsatira mukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero

Ndaperekezapo abale anga atatu kukayezetsa, ndipo ndaona kuti kuyezako sikuvuta. Chimavuta ndi kumva zimene anamwino akunena munthu akangotsika pabedi.

Choyamba, tengani buku lanu la kuchipatala, kope ndi cholembera, ndipo musapite nokha. Munthu wamantha amagwira liwu limodzi lokha, ena onse amamudutsa. Kuchipatala cha boma kuyeza n'kwaulere, inu mungopeza ya thiransipoti.

Chachiwiri, funsani tanthauzo la zimene alemba musanatuluke m'chipindamo. Ife tinalakwitsa pamenepa. Kuyeza kofala kwambiri ndi VIA: amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera mbee. M'buku la achemwali anga analembamo "VIA positive". Anachita manyazi kufunsa, anangolipinda n'kuika m'chikwama. Kunyumba tinawerenga liwu lakuti "positive" n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro. Milungu itatu sanagone tulo. Mkati mwa milungu imeneyi ndi momwe munthu wina wa pa WhatsApp anatigulitsa mabotolo a zitsamba, ati zimasungunula khansa. Zinatidyera ndalama ya matumba awiri a chimanga, koma achemwali anangotsegula nazo m'mimba. Anthu amenewa musawapatse ngakhale tambala.

Titabwerera, anamwino anatifotokozera kuti "positive" wa VIA sakutanthauza kuti munthu ali ndi khansa. Nthawi zambiri ndi zizindikiro zoyambirira zobwera ndi kachilombo ka HPV, zomwe zimatenga zaka kuti zisanduke khansa, ndipo amatha kuziwotcha ndi kamakina tsiku lomwelo. Khansa yeniyeni amaitsimikiza akadula kanyama n'kukakayeza ku labu.

Ndiye funsani chonchi: "Anamwino, kodi iyi ndi khansa kapena chiyambi chabe? Ndichite chiyani tsopano? Ndibwerenso liti?" Akayankha m'Chingerezi, pemphani abwereze m'Chichewa. Kenako inu muwabwerezere zimene mwamva, akukonzeni pomwe mwaphonya.

Chachitatu, ngati mukumwa ma ARV nenani, poti amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu ndipo amayezedwa pafupipafupi.

Akakutumizani ku Queens kapena ku Kamuzu Central, sungani kalatayo pouma ndipo musadumphe tsiku. Akatchula siteji, kutanthauza pomwe khansa yafika, funsani kuti ndi yachingati pa 1 mpaka 4. Atsikana a zaka 9 mpaka 14 akabayitse katemera wa HPV, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019.